Momwe tinachepetsera mafinya pa mabala a opaleshoni ya matumbo obooka

Ndine namwino m'chipinda cha odwala opangidwa opaleshoni. Chinkandisowetsa mtendere n'chakuti anthu obooka matumbo, ambiri chifukwa cha taifodi, mabala awo ankachita mafinya mpaka ulusi kumasuka. Chimbudzi chikatayikira m'mimba, dokotala angatsukemo bwanji, tizilombo sitithamo tonse.

Ndinayambira pa nthawi ya mankhwala. Ceftriaxone ndi metronidazole, mankhwala opha tizilombo, ankalembedwa bwinobwino, koma metronidazole amaperekedwa pa maola 8 aliwonse, ndipo wa usiku ankachedwa. Ndinapachika pepala pa bedi lililonse kuti wopereka azisaina n'kulemba ola.

Nkhani yaikulu inali bala lenilenilo. Tinagwirizana ndi madokotala kuti m'mimba mukaipa kwambiri azisoka zam'kati zokha, khungu n'kulisiya losatseka kuti mafinya asabisale. Timaikamo gozi (kansalu ka pa bala) wonyowa ndi saline, madzi a mchere a kuchipatala, n'kumasintha tsiku ndi tsiku titasamba m'manja ndi kuvala magolovesi atsopano pa wodwala aliyense. Bala likakhala loyera, pakati pa tsiku la 3 ndi la 5 chipangireni opaleshoni, ndiye amalisoka. Achibale amanjenjemera akaliona lili yasa, choncho timawafotokozeratu.

Paipi ya mkodzo ndi kanyula (kapaipi ka mu mtsempha kolowetsera dripi) timachotsa zikangotha ntchito, ndipo m'mawa mwake akapangidwa opaleshoni wodwala timamudzutsa kuti ayendeko ndi kupuma mokoka mpweya. Thupi likatentha cha pa tsiku la 5 mpaka la 7, mtima n'kumathamanga, sindidikira kuti kuche. Ndimaitana dokotala, chifukwa mwina mafinya aunjikana m'kati kapena posoka thumbo pamasuka.