PhD ya economics ndi management kunja: muyambire pati?

Anzanga ambiri akamaliza masters ku UNIMA kapena ku Bunda amandifunsa funso limodzimodzi, "fizi ya PhD kunja ndi zingati?" Ine ndimati funso limeneli lisiyeni kaye. PhD ya economics yabwino simulipira ndinu, amakulipirani ndi iwo, fizi yonse komanso ndalama yodyera mwezi ndi mwezi. Sukulu ikakulandirani koma n'kunena kuti zonse mudziwonere nokha, ndi mmene kwacha yathu inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, musagulitse puloti chifukwa cha zimenezo chonde, funsirani kwina.

Choyamba dziwani kuti ma PhD sali ofanana. Ku America ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zaka ziwiri zoyamba mumakhala mkalasi kuphunzira micro, macro ndi econometrics kenako mayeso okhwima, mukapambana ndi pomwe mumayamba kafukufuku wanu, ndipo mafomu ambiri amatseka December kapena January kuti mukayambe August. Ku UK nthawi zambiri ndi zaka zitatu kapena zinayi ndipo amafuna mubwere ndi proposal komanso supervisor amene wavomera kale kukuyang'anirani. Ku Netherlands, Sweden, Norway ndi Denmark PhD ndi ntchito, mumasayina kontrakiti n'kumalandira salale, malo amalengezedwa ngati ntchito ina iliyonse pa masamba a pa intaneti a EURAXESS kapena INOMICS ndiye muzisuzumirako sabata iliyonse. Ku Italy mayunivesite amatulutsa chilengezo chomwe amati bando, mumapikisana ndi ena pa ma sikolashipu ochepa ndipo ambiri amayamba November. Kuli Bocconi ku Milan, Toulouse School of Economics ku France, Bonn ndi Mannheim ku Germany, Tinbergen Institute ku Netherlands, onsewa amaphunzitsa mChingerezi.

Musaiwale za muno mu Africa. AERC (African Economic Research Consortium) ya ku Nairobi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1988, ili ndi Collaborative PhD Programme kuyambira 2002, mumalembetsa ku yunivesite ngati Dar es Salaam, Nairobi, Cape Town kapena Ibadan koma maphunziro ena mumachitira limodzi ndi anzanu ochokera maiko ena. Kwa munthu wa banja amene sakufuna kutalikira ana kwambiri njira imeneyi ndimaiyamikira zedi.

Tsono nkhani yaikulu, yomwe anthu safuna kuimva, ndi masamu. Mutha kukhala kuti mwagwira ntchito ku banki kapena ku unduna zaka khumi, mumadziwa bajeti ya dziko ngati khomo la kwanu, koma komiti yosankha ikatsegula transcript yanu maso awo amathamangira pa calculus, linear algebra, probability ndi statistics, ndipo masukulu apamwamba amasangalala akaona real analysis. Ngati masamu munawasiya chaka chachiwiri yambani lero, ola limodzi mmamawa musanapite kuntchito, maphunziro a MIT OpenCourseWare ndi aulere pa intaneti bola bandulo. GRE nayo, mayeso omwe masukulu ambiri amafuna pofunsira malo, gawo la masamu malikisi ake amathera pa 170 ndipo a economics amafuna mufike kufupi kwenikweni ndi pamenepo. A management zimapepukirako pang'ono kutengera nthambi, finance ndi operations ndi masamu okhaokha pomwe strategy kapena organisational behaviour amayang'ana kwambiri ngati mumatha kupanga kafukufuku, ndipo ena amalola mayeso a GMAT m'malo mwa GRE. Apa chenjeraninso, PhD ndi DBA (Doctor of Business Administration) ndi zinthu ziwiri, DBA ndi ya mabwana a makampani ndipo kawirikawiri amalipira okha, ngati cholinga chanu ndi kuphunzitsa ndi kufufuza mukufuna PhD.

Proposal isakhale ya "umphawi m'Malawi" basi, imeneyo ndi nyanja simungaiwoloke. Funso likhale laling'ono loti deta ilipo yoliyankhira. Ifetu tili ndi mwayi, NSO ku Zomba imapanga Integrated Household Survey ndipo IHS5 ya 2019/2020 mutha kuitsitsa ulere pa tsamba la microdata la World Bank. Itsitseni, tsegulani pulogalamu yowerengera deta ya Stata kapena R, funsani mwachitsanzo ngati mabanja omwe analandira makuponi a fetereza a FISP anasintha kagulitsidwe ka chimanga chawo, lembani masamba khumi ndi matebulo anu enieni. Kapepala kameneka ndi komwe mumatumiza ngati writing sample, ndipo mukamalembera pulofesa imelo muzitchula pepala lake lomwe mwawerengadi ndi pomwe funso lanu likukumana nalo, ndime ziwiri zakwana. Imelo imodzi yotumiza kwa anthu makumi asanu yoyamba ndi "Dear Sir/Madam" palibe amayankha.

Makalata okuchitirani umboni amafunika atatu, ochokera kwa anthu amene anakuonani mukuchita kafukufuku, osati abusa kapena abwana a kuofesi ngakhale amakukondani chotani. Ngati mulibe otere gwirani kaye chaka chimodzi kapena ziwiri ngati research assistant, mabungwe ngati IFPRI, IPA ndi MwAPATA amachita kafukufuku konkuno, kumeneko mudzaphunzira kutsuka deta komanso mudzapeza wokulemberani kalata yonena zenizeni. Apempheni miyezi iwiri isanakwane nthawi ndipo muwapatse CV, proposal ndi masiku otsekera.

Za mapepala izi zinandipweteka ine ndiye ndikunena ndi mtima wonse. Ndinapita kukatenga transcript kutatsala milungu itatu, ndinayenda maulendo anayi, wosayina kulibe, makina osindikizira afa, tsiku lotseka linandidutsa ndikuona ndipo ndinadikira chaka chathunthu. Tengani transcript, pasipoti ndi ma satifiketi otsimikizidwa miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane. IELTS kapena TOEFL, mayeso a Chingerezi, imagwira ntchito zaka ziwiri zokha pomwe GRE ndi zaka zisanu, ndiye yambani ndi GRE. Fizi ya mafomu imalipiridwa mu madola ndipo ndi vuto la forex lathuli khadi imatha kukana usiku womaliza, yesani kulipira msanga komanso musachite manyazi kupempha fee waiver, masukulu ambiri ali nayo.

Ngati sukulu ilibe ndalama zake zokupatsani, Commonwealth Scholarship imalipira PhD ku UK ndipo mafomu ake amatseka cha mu October, ku Germany kuli DAAD. Opita ku South Africa mapepala anu ayenera kudutsa kaye ku SAQA, bungwe lotsimikizira ma satifiketi kumeneko, opita ku UK mudzayezetsa TB musanapemphe viza. Lemberani masukulu asanu ndi atatu kapena khumi, awiri apamwamba kwambiri, ena apakati, ndipo kalata yokulandirani ikabwera funsani ophunzira omwe ali kumeneko kale ngati ndalama ya pamwezi imakwana lendi komanso ngati mungabwere ndi banja, musanasayine chilichonse.