Kudzala padenga la silabu nyumba osadontha: mmene ndinachitira pa garaja yanga

Ngati denga lanu ndi la malata iwalani, izi ndi za silabu basi. Dothi lonyowa lokhuthala masentimita 10 limapitirira makilo 100 pa sikweya mita imodzi, ndiye itanani kaye injiniya aone ngati silabuyo ingapirire.

Silabu isakhale fulati. Ipakeni matope a simenti motsetsereka, masentimita 2 pa mita iliyonse, kulozetsa ku paipi yotulutsa madzi. Pakauma pakani primer, mankhwala othandiza phula kumata, kenako torch-on, mapepala a phula aja omata ndi moto wa gasi. Chenjerani ndi anyamata ogulitsa mankhwala oletsa kudontha a m'zigubu zopanda lebulo, wina anandigwira nazo, kufika kunyumba ndi penti wakuda wosungunula ndi parafini.

Pomwe ndinagwa nayo ine ndi m'mbali. Mmisiri wanga anamata bwinobwino pansi ponse koma pa kakhoma kozungulira anangolekeza pomwe dothi lidzalekezere, ine ndikuvomera kuti zili bho. Mvula ya mu Januwale itagwa masiku atatu osakata, madzi anakwera nkulowera kuseri kwa phula, mmawa ndikupeza kudenga kwa garaja kwachita mapu, madzi ali tho tho tho pa boneti. Dothi lonse tinalitsitsa ndi mabeseni. Ndiye mvetsani, phula likwere masentimita 15 kuchokera pamwamba pa dothi, osati pa silabu, ndipo mlomo wake ulowe mu kamzere kogoba m'khoma nkumatapo. M'makona ikani kaye matope a simenti pasakhale popindika kwambiri, phula limang'ambikira pomwepo, chimodzimodzi pakamwa pa paipi. Mukatha tsekani paipiyo, thirani madzi agone masiku awiri inu muzikasuzumira kunsi. Ine ndinadumpha zimenezi poopa bilu ya madzi, mapeto ake torch-on ndinagula kawiri, ulendo wachiwiri mtengo utakwera kale.

Zotsalazi nzosavuta. Pulasitiki wokhuthala pamwamba pa phula chifukwa mizu imaboola. Kenako polystyrene wolimba wosamwa madzi wotchinga kutentha ngati thumba likulola, wa m'makatoni a TV uja ayi. Kwale pang'ono kuti madzi aziyenda, geotextile, nsalu yolola madzi kudutsa koma dothi ayi, pamwamba pake, ikasowa shade net yopinda kawiri imagwirako koma siikhalitsa. Pozungulira paipi kwale yekhayekha.

Pa dothi lodzalapo, katondo musayerekeze, amatseka njira ya madzi. Sakanizani njerwa zootcha zophwanya, mchenga wa kumtsinje ndi kompositi pang'ono. Dzalani aloe vera ndi tizomera ta masamba amadzi mvula ikakhazikika, kapinga ndinamusiya, mu Okutobala amafuna kukwera ndi ndowa tsiku lililonse.