Mmene timakonzekera kwaya kuti mpingo wonse uziimba pa Misa

Ndaimba alto m'kwaya ya parishi yathu kuno ku Lusaka kwa zaka 22, ndipo pa zaka 6 zapitazi ndine amene ndimasankha nyimbo za Misa ya Lamlungu. Achinyamata amene angopatsidwa kumene udindo woterewu m'maparishi ena amandifunsa kuti ayambire pati. Ndimawauza kuti pa Misa aziponya maso ku benchi yomaliza, kumene kumakhala agogo ndi amayi a ana oyamwa. Milomo ya anthu amenewo ikakhala yotseka ife tikuimba, ndiye kuti Misa taisandutsa konsati.

Si maganizo anga okha amenewa. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chonena za mapemphero a Mpingo, chomwe chidatuluka pa 4 December 1963, chidatsegulira khomo zinenero zathu pa Misa. Chidati makwaya alimbikitsidwe, komanso kuti akhristu onse aziimba nawo zigawo zomwe ndi zawo. Kwaya ili ngati mayi woyambitsa nyimbo pamtondo, amene amadikira kuti anzake osinja avomere.

Musanatsegule buku la nyimbo, werengani Mawu a Lamlungu likudzalo. Ine ndimachita zimenezi Lolemba madzulo. Dziwani chaka chimene tili: chaka A timamva kwambiri Mateyu, B Maliko, C Luka. Nyimbo yolowera ndi ya Komunyo zigwirizane ndi Mthenga Wabwino wa tsikulo. Salimo musalisinthe ndi kolasi yomwe mwaikonda pa wailesi, chifukwa nalonso ndi Mawu a Mulungu. Kenako onani nyengo. Pa Malamlungu a Adventi ndi a Lenti sitiimba Ulemu kwa Mulungu, ndipo m'Lenti monse Aleluya timamusunga mpaka usiku wa Pasaka. Chaka china mnyamata wathu wa kibodi anaiwala, nayamba Aleluya mwamphamvu pa Lamlungu loyamba la Lenti, ife n'kumutsatira ngati nkhosa. Abambo ansembe anangotiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Titatuluka, gogo wina anandigwira mkono n'kunena kuti, “Mwanawanga, mwamuukitsa Yesu asanafe.” Kuyambira pamenepo ndimalemba dzina la nyengo ndi cholembera chofiira pamwamba pa pepala la nyimbo.

Ife timaphunzira Lachitatu ndi Loweruka nthawi ya 17:00, ngakhale kuti Lachitatu ambiri amachedwa pa mzere wa minibasi m'tauni. Nyimbo yatsopano ikhale imodzi pa mwezi, osapitirira. Mukaidziwa bwino, pemphani mphindi 10 Misa isanayambe kuti muwaphunzitse anthu kolasi yake, ndipo muibwereze Malamlungu atatu otsatizana. Pa nkhani ya kiyi ndimakangana ndi a soprano chaka ndi chaka. Iwo amafuna pamwamba kuti mawu awo amveke, koma bambo amene wabwera ku Misa ya 06:30 asanamwe ndi tiyi yemwe sangafike kumeneko. Tsitsani.

Lusaka ndi mudzi wa mitundu yonse, ndipo m'benchi imodzi mumakhala olankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Zigawo zimene mpingo wonse uyenera kuimba, monga Ambuye Mutichitire Chifundo, Woyera ndi Mwana wa Nkhosa, timazisiya m'chuni chimodzi nyengo yonse kuti aliyense azidziwe pamtima. Zinenero zina timazilowetsa pa zopereka ndi pa Komunyo. Koma musaimbe Chitonga mongoganizira. Itanani munthu wa kumeneko kuchokera ku mphakati wanu (kagulu ka akhristu oyandikana nyumba) adzakukonzeni katchulidwe, chifukwa eni chinenero amaseka m'chitenje mukaphonya.

Pa Misa penipeni, wotsogolera diso limodzi likhale kuguwa. Pa nyimbo yolowera, Abambo akafika pa mpando wawo, malizani vesi imene muli n'kusiya, ngakhale patatsala mavesi anayi okoma. Pa zopereka vuto limakhala lina. Mphakati wa sabata imeneyo ukabwera ndi matumba a ufa, mathireyi a mazira, makabichi ndi nkhuku yomangidwa miyendo, mzere umatalika, choncho khalani ndi nyimbo yachiwiri yokonzeratu. Uzaninso amayi oyang'anira ana a Stella (atsikana ovina pa Misa) nyimbo zanu pofika Loweruka, kuti atsikanawo asadzasokonezeke mapazi pakati pa tchalitchi. Anthu akatha kulandira, siyani kamphindi kachete. Ambiri a ife timaopa chete ngati ngongole, koma anthu amafuna kulankhula ndi Amene amulandira.

Kibodi ndi yabwino, koma isamize mawu a anthu, ndipo musaidalire. Magetsi akathima pakati pa Woyera, ng'oma ndi zisekese ndi zimene zimakupulumutsani. Ng'oma zathu zachikopa timaziika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula Misa isanayambe, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kumazifooketsa. Kamodzi pa mwezi timaphunzira popanda kibodi dala.

Phindu la kwaya ndinalimvetsa bwino pamene amuna anga anamwalira. Usiku woyamba abambo anakhala panja mozungulira moto, amayi m'nyumba pa mphasa, ine mutu uli zii. Cha m'ma 21:00 ndinamva a tenor athu akuyamba nyimbo pageti. Anaimba mosinthana usiku utatu, anaimba pa Misa ya maliro, anaimbanso pa lole mpaka ku manda a Chingwere. Achibale a amuna anga ochokera ku Katete, ena a mipingo ina, ankavomera nawo chifukwa nyimbo zinali zosavuta. Choncho pambali pa nyimbo za Lamlungu, kwaya ikhale ndi nyimbo za maliro zosachepera 15 zodziwa pamtima, popeza pa siwa palibe kuwala kowerengera pepala. Mukhalenso ndi kathumba ka mayendedwe, aliyense azisonkha pang'ono pa mwezi. Ife timawerengera ndalama zake pamaso pa onse pa 22 November, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo tsiku lomwelo timasankha anthu awiri oti azilandira uthenga wa maliro pa WhatsApp ndi kudzutsa ena onse.