Ma antivirus amene mukuika m'mafoni, anawayesa ndani?

Chiyambireni kugulitsa soya ndi nshawa chaka chino ndikuona vuto limodzi lomwelomwe m'mafoni a alimi, kuno ku Chipata, ku Chadiza mpaka ku Katete. Ndalama zikangolowa pa mobile money munthu amagula foni ya touch, ndiye anyamata okonza mafoni mumsika amamuponyera ka app ka chithunzi cha chishango, ati ni antivirus, ena mpaka atatu mu foni imodzi. Mukafunsa kuti mwasankha bwanji, yankho ndi loti kali ndi nyenyezi zisanu komanso anthu ambiri anakachita download. Nyenyezi zija amapereka ndi anthu ngati ife amene tilibe ma virus oyesera, timangoona kakuzungulira nkulemba kuti foni ili bwino basi.

Ine izi zimandiwawa chifukwa pa mbewu tinaphunzira kale. Palibe mlimi wanzeru amagula chimanga chopaka utoto pamsewu opanda lebo ya SCCI, bungwe la boma loyesa mbewu, tonse timafuna mbewu yomwe inayesedwa ndi anthu amene sakuigulitsa. Nanga bwanji pa foni yomwe yasunga ndalama za chaka chonse tikungokhulupirira wogulitsa?

Oyesa alipo, ndipo zotsatira zawo amaziika poyera kwaulere. Kuli AV-TEST ku Magdeburg ku Germany, kuli AV-Comparatives ku Innsbruck ku Austria, kulinso SE Labs ku London. Amatenga ma virus enieni nkuwalowetsa mu foni kapena kompyuta kuti aone angati agwidwa. Mu 2019 a AV-Comparatives anatenga ma antivirus 250 a pa Google Play nkuwayesa ndi ma app oipa 2,000. Amene anakwanitsa kugwira oposa 30 pa 100 aliwonse osanamizira ma app abwino anali 80 chabe, ogwira onse anali 23. Ambiri mwa otsalawo samayang'ana nkomwe mkati mwa app, amangowerenga dzina, ngati dzina lili pa mndandanda wawo ati ili bwino, moti wakuba akangotcha virus yake dzina lofanana ndi la Facebook yadutsa. Ena amadzigwira okha kuti ndi virus chifukwa owapanga anaiwala kulemba dzina lawo pa mndandandawo! Mu 2014 kunali ina, Virus Shield, anthu amalipira $3.99, ntchito yake yonse inali kusintha kachizindikiro pa screen, mpaka Google inaichotsa nkubweza ndalama za anthu.

Abambo ena a ku koparetivu yathu anabwera akudandaula kuti bundle sikukhalitsa ndipo batire ikumatha dzuwa lisanapendeke, kumudzi kwawo kulibe magetsi, kutchaja amalipira pa sola ya aneba. Anati “alangizi, foniyi ndinaiteteza, onani alonda awiri awa”. Alonda aja ndi amene amakoka ma advert usana ndi usiku, wina anapatsidwanso chilolezo chowerenga ma SMS, momwe mumabwera mauthenga a ndalama ndi ma code. Tinawachotsa onse awiri iwo akukanakana, akuti mwana wawo wa ku Lusaka anati foni yopanda antivirus ndi yoopsa. Chizolowezi choti wa ku tauni akanena ndiye kuti ndi zoona chikutiphetsa ndithu, ndipo choipa kwambiri nchoti munthu akaona chishango chija mtima umakhala pansi, amayamba kutsegula link iliyonse ya pa WhatsApp yolonjeza feteleza wa FISP kapena bundle yaulere.

Wina anena kuti oyesawo sangagulidwe? Funso labwino, chifukwa makampani ambiri amalipira kuti ayesedwe. Mu 2015 kampani ya ku China ya Qihoo 360 inapezeka kuti imatumiza kwa oyesa pulogalamu yosiyana ndi yomwe imapereka kwa anthu, ndipo AV-TEST, AV-Comparatives ndi Virus Bulletin anagwirizana nkuilanda ma satifiketi a chaka chimenecho. Ndiye chinyengo chimachitika, koma chimagwidwanso nkulengezedwa, zomwe mnyamata wa mumsika sangakuchitireni. Nchifukwa chake ine sindidalira oyesa amodzi, ndimaona ngati dzina likupezeka bwino kwa awiri, komanso m'mayeso a chaka chino osati akale.

Zochita mwachidule, musanaike lembani dzina la app pamodzi ndi AV-TEST pa Google, iwo amapereka mamaki 6 pa chitetezo, 6 pa kusalemetsa foni, 6 pa kusanamizira ma app abwino. Ngati dzina mulibe isiyeni. Antivirus imodzi yakwana, Play Protect, chitetezo cha Google chomwe chili kale mu Play Store, ikhale yoyatsa, ma app olandira kuchokera mu foni ya mnzanu pa Xender ayi. A ma laptop, Microsoft Defender inabwera kale mu Windows ndipo imayesedwa nawo, ingochitani update. Koma woimba foni kufunsa PIN palibe antivirus ingamuletse, mduleni. Amene zakuvutani bwerani ndi foni pa msonkhano wa koparetivu, ili yotchaja.