Kuchepetsa cheza chimene antchito amalandira pamalo opangira magetsi a nyukiliya

Pamalo ngati Koeberg, kufupi ndi Cape Town, cheza chambiri chimene antchito amalandira pachaka sichiwapeza pamene reactor, ng'anjo ya nyukiliya imene imatenthetsa madzi, ikugwira ntchito. Chimawapeza akaizimitsa kuti asinthe fuel ndi kukonza makina, poti ndi pamene amatsegula mavalavu, mapampu ndi ma steam generator, zida zosandutsa madzi kukhala nthunzi. Ndiye mlingo umene munthu atuluke nawo umadziwika pokonzekera ntchito, asanavale n'komwe ovolosi.

Yambani ndi malire a mlingo wa cheza, umene umayezedwa mu millisievert (mSv). ICRP, bungwe la padziko lonse lopereka malangizo a chitetezo cha cheza, limati wantchito asapyole 20 mSv pachaka mukawerengera zaka 5 pamodzi, ndipo chaka china chilichonse asapyole 50 mSv. Diso malire ake ndi 20 mSv pachaka, khungu ndi manja 500 mSv pachaka. Mayi akanena kuti ndi woyembekezera, mwana ali m'mimbayo asalandire koposa 1 mSv mpaka kubadwa. Poyerekeza, munthu wamba amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya, m'zakudya ndi mlengalenga. Malire a ICRP aja si oti muziwafika dala. Lamulo lotchedwa ALARA limafuna kuti mlingo utsike mpaka pamene pangatheke.

Reactor ikazima, gwero lalikulu la cheza ndi dzimbiri la m'mapaipi. Tizidutswa ta cobalt ndi nickel timasupuka m'mavalavu ndi m'machubu, n'kutengedwa ndi madzi kudutsa pakati pa reactor, kumene timasanduka cobalt-60 ndi cobalt-58, kenako n'kukakhazikika m'makona a mapaipi ndi pansi pa mavalavu. Mphamvu ya cobalt-58 imatsika ndi theka pa masiku 71, koma ya cobalt-60 imafuna zaka 5.27, choncho kudikira sikuthandiza. N'chifukwa chake akatswiri a madzi amathira zinc pang'ono kwambiri m'madzi a reactor kuti cobalt asamakanirire pazitsulo, ndipo pozimitsa amathira mankhwala a hydrogen peroxide kuti dzimbirilo lisungunuke likagwidwe m'masefa. Musalowe kukagwira ntchito masefa asanamalize yawo. Kuthamangira maola ochepa pamenepa kumakweza mlingo wa gulu lonse kwa masabata.

Masamu ake ndi osavuta: mphamvu ya cheza pamalopo muichulukitse ndi nthawi. Ngati pavalavu pali 2 mSv pa ola, mphindi 45 zikupatsani 1.5 mSv, pomwe mphindi 20 zikupatsani 0.67 mSv. Mphindi 25 zimenezo zimapulumuka poyeserera ntchitoyo pachifanizo cha valavu kumalo opanda cheza, mutavala zonse zimene mudzavale, mpaka manja azolowere. Sipanala iliyonse ikhale m'thumba musanalowe. Zokambirana, kuwerenga chilolezo cha ntchito ndi kudikira mnzanu zichitikire pamalo odikirira amene a chitetezo cha cheza ayeza n'kulemba, osati mutatsamira paipi.

Kutalikira kumathandiza kwambiri gwero likakhala laling'ono. Mukachoka pa theka la mita n'kuima pa mita imodzi, cheza chimatsika kanayi. Pambali pa paipi yaitali chimangotsika pafupifupi ndi theka, ndipo ambiri amanamizika pamenepa. Gwiritsani zida za mpini wautali, ndipo woyang'anira aziona ntchito pa kamera.

Zotchingira zimafuna kuganiza. Mtovu wochindikala pafupifupi 1.2 cm umachepetsa cheza cha cobalt-60 ndi theka, wa 4 cm umachitsitsa kakhumi, ndipo konkire amafunika pafupifupi 6 cm kuti afike pa theka. Epuloni ya mtovu yakuchipatala pano ndi katundu chabe, chifukwa cheza ichi chimangodutsa. Musanayale mabulangete a mtovu, werengerani mlingo wa anthu oyala ndi ochotsa. Ngati iwo alandira 3 mSv kuti apulumutse 2 mSv, mwaluza. Injiniya avomerezenso kulemera kwake, poti paipi yaing'ono imatha kupindika. Madzi a m'paipi nawonso amatchinga, ndiye musawakhuthule msanga, ndipo mukakhuthula yezaninso malowo chifukwa manambala a dzulo sagwiranso ntchito.

Dosimeter, yoyeza mlingo wa cheza chimene mwalandira, valani pachifuwa, pakati pa khosi ndi chiuno, itayang'ana kutsogolo. Cheza chikamachokera pamwamba kapena kumbuyo, a chitetezo cha cheza akuuzani poiika kapena kukupatsani zingapo. Dosimeter yamagetsi, yoonetsa manambala ndi kulira, muziiyang'ana pafupipafupi. Ikalira, siyani ntchito mosaika ena pangozi, tulukani, kenako kanenani. Pamalo aphokoso alamu simveka, choncho pemphani yonjenjemera kapena yolumikiza kukhutu.

Fumbi lokhala ndi cheza ndi nkhani ina, chifukwa likalowa m'thupi simungalithawe. M'dera la cheza musadye, musamwe, musatafune kanthu, ndipo chilonda chilichonse muchinene musanalowe. Povula, tembenuzirani zovala mkati, musazikutumule, ndipo phazi lililonse liponde pamalo oyera likangovulidwa. Podziyeza ngati fumbi lakukhalirani, kachipangizo koyezera cheza kakhale pafupifupi 1 cm kuchokera pakhungu, kaziyenda pafupifupi 5 cm pa sekondi, kuyambira m'manja musanagwire china. Othamanga amaphonya kachidutswa kamodzi kosaoneka ndi maso kamene kangawotche khungu.

Chigoba chopumira sichiteteza nthawi zonse. Chimachedwetsa ntchito, chimachititsa nthunzi m'maso, ndipo ndevu zimachilepheretsa kumata. Kumene fumbi ndi lochepa koma cheza chochokera m'mapaipi n'chambiri, chigoba chingawonjeze mlingo wonse m'malo mouchepetsa, choncho a chitetezo cha cheza ayeze mpweya kaye asanalamule. Mapiritsi a potassium iodide nawo amangoteteza chithokomiro ku iodine wa cheza pakachitika ngozi. Ku cobalt wa m'mapaipi sathandiza chilichonse.