Kayesedwe ka mota yaikulu ndi VFD isanayambe ntchito

Mota ikazungulira bwino yopanda katundu, ambiri amangoti zatheka. Komatu vuto limaonekera ikasenza. Titenge chitsanzo cha mota ya 75 kW yoyendetsa pampu ya mthirira, pa magetsi a 400 V, 50 Hz omwe timalandira kuno.

Yambani ndi kuzimitsa magetsi, mukhome loko pa switchi, kiyi muike m'thumba. Dikirani mphindi zomwe zalembedwa pa VFD (chipangizo chowongolera liwiro la mota posintha ma Hz), kenaka muyeze ngati mphamvu yatha. Makapasita a m'katimo amasunga mphamvu yoposa 500 V ngakhale nyali zitazima, ndipo imeneyo imapha.

Masulani mawaya a mota ku VFD musanayeze ndi megger, chida choyezera ngati zokutira mawaya a mota sizikudutsitsa magetsi. Apa ndikupemphani musachite changu: megger ikagunda VFD, mwaiotcha.

Bwezerani mawayawo, mulowetse mu VFD zonse zomwe zili pa chitsulo cha mota: kW, volt, amp ndi rpm. Chitani autotune, kutanthauza kuti VFD iyeze yokha mota kuti iidziwe bwino. Pampu isanalumikizidwe, zungulitsani mota pa 10 Hz muone kolowera. Ikabwerera m'mbuyo, sinthanitsani mawaya awiri a ku mota; kusintha olowa mu VFD sikuthandiza kanthu. Kwezani mpaka 50 Hz. Yopanda katundu imakoka pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la ma amp olembedwa aja.

Tsopano lumikizani pampu, madzi adzaze, chifukwa siyenera kuyenda youma. Tsegulani valavu pang'onopang'ono kuti katundu akwere: 25, 50, 75 mpaka 100 peresenti. Pa gawo lililonse lembani ma amp a mawaya onse atatu. Akasiyana kupitirira 10 peresenti, imani, muone ngati pali nati yomasuka. Ma volt otuluka werengani pa galasi la VFD, mita wamba imanama pamenepo.

Gawo lomwe amisiri ambiri amadumpha ndi la kutentha, ndipo ndilo lofunika kwambiri. Isiyeni isenze katundu wonse maola angapo, muziyeza thupi lake ndi mabelingi pa theka la ola lililonse. Mwamaliza pokhapokha kutentha kukasiya kukwera, kosaposa madigiri 2 pa ola. Ngati n'kotheka yesani masana, dzuwa likuswa mtengo, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala.

Ngati mota idzagwira ntchito pa liwiro lotsika, iyeseninso pa liwiro lomwelo. Fani yake ili pa shafti, ndiye mota ikachedwa, mphepo yoiziziritsa imachepanso. Ikapitirira kutentha, ikani fani ina yokhala ndi magetsi akeake.