Kusalaza ndi kupenta modelo ya mapoligoni ochepa mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D

Shade Smooth, lamulo lopangitsa modelo kuoneka yosalala, imangonamiza maso, makona a m'mphepete amakhalapobe. Ngati mukufuna kusema, ikani Multiresolution, chida chowonjezera mapoligoni pa modelo, n'kudina Subdivide kawiri kapena katatu. Musapyole apo msanga: kudina kulikonse kumachulukitsa mapoligoni kanayi, kompyuta n'kuyamba kulemedwa. Mu Sculpt Mode gwirani Shift posalaza, koma Strength (mphamvu ya burashi yosalazira) ikhale yotsika, mwina 0.3, apo ayi zala ndi makutu zimafota.

Musanapente, ikani ma seam (mizere yodulira khungu la modelo) pobisika, monga kunsi kwa mkono, kenako mu Edit Mode sankhani zonse, dinani U n'kusankha Unwrap kuti khungulo liyalidwe pa chithunzi chopentapo. Chithunzi cha 2048 x 2048 n'chokwanira. Utoto ukakana kugwira, kawirikawiri ma normal (komwe nkhope za mapoligoni zaloza) atembenuka. Mu Edit Mode sankhani zonse, dinani Shift+N kuti awongoke. Timizere tosapentedwa pa seam timachepa mukakweza Bleed, yomwe imasefukiritsa utoto kupyola pa seam. Chithunzicho chisungeni pachokha ndi Alt+S mu Image Editor.